Kuchira kwa Pang'onopang'ono: Mwana Akagona Miyezi M'chipatala

Phunziro la mwezi uno. Tiwerenge Marko 8:22-26 ndi Marko 2:1-12.

Tisanayambe kukambirana, mmodzi awerenge ndime ziwirizi mokweza ndi modekha, kuti ndi agogo omwe amve bwino.

Nkhani ya munthu wosaona wa ku Betsaida sitiimva kawirikawiri pa guwa. Anthu anamubweretsa kwa Yesu, ndipo Yesu anamugwira dzanja n'kutuluka naye kunja kwa mudzi, kutali ndi maso a anthu. Atamusanjika manja koyamba anamufunsa ngati akuona kanthu. Munthuyo sananame pofuna kusangalatsa Ambuye. Anayankha kuti akuona ndithu, koma mwachimbuuzi, moti munthu ndi mtengo sankazisiyanitsa bwino. Yesu sanamudzudzule kuti chikhulupiriro chake n'chochepa. Anangomukhudzanso kachiwiri, ndipo pamenepo maso ake anayera. Ndi Marko yekha amene analemba nkhaniyi, ndipo pa machiritso onse a m'Mauthenga Abwino, awa ndi amene akuoneka poyera kuti anachitika m'magawo awiri.

Anthufe timakonda machiritso a pompopompo, oti wodwala adzuke, ayalule mphasa, ife tilulutire. Koma ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino tikudziwa kuti odwala ambiri amachira ngati munthu wa ku Betsaida uja. Pakati pa kukhudzidwa koyamba ndi kwachiwiri pamadutsa miyezi, mwinanso zaka, ndipo ena amafika kumapeto a moyo wawo thupi lisanabwerere mwakale. Phunziro lathu likunena za nthawi ya pakatiyo, makamaka wodwalayo akakhala mnyamata kapena mtsikana amene wangotha kumene msinkhu.

Mtsikana wa ku Baltimore

Tiyambe ndi nkhani imene inachitikadi ku America. Joni Eareckson anabadwa mu 1949 mu mzinda wa Baltimore, ndipo anali mzime m'banja la ana aakazi anayi. Anali mtsikana wojijirika, wokonda kukwera mahatchi ndi kusambira. Pa 30 July 1967, ali ndi zaka 17, atangomaliza kumene sekondale, anapita ndi mkulu wake kukasambira ku Chesapeake Bay. Anadumphira m'madzi chamutu, osadziwa kuti pamalopo panali posaya. Mutu unagunda pansi ndipo khosi linathyoka pakati pa fupa lachinayi ndi lachisanu. Anangoyandama chafufumimba osatha kutembenuka, ndipo akanamira ndithu mkulu wakeyo akanapanda kumuona msanga ndi kumuvuula.

Kuti timvetse chimene chinamuchitikira, tifotokoze pang'ono za thupi. M'kati mwa mafupa a msana mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo, wonenepa ngati chala chaching'ono. Ndiwo umanyamula mauthenga onse pakati pa mutu ndi ziwalo. Ukavulala, ziwalo za kumunsi kwa balalo zimasiya kumva ndi kugwira ntchito. Bala likakhala kumunsi kwa msana imafa ndi miyendo, koma likakhala pakhosi manja nawonso amafa. Fupa lothyoka limalumikizana, koma mtsemphawu ukaduka kotheratu sulumikizananso. Ukangofinyika kapena kuvulala mbali imodzi, mphamvu zina zimabwerera, makamaka m'miyezi 6 yoyambirira, ndipo pang'onopang'ono mpaka chaka kapena kupitirira. N'chifukwa chake dokotala wanzeru salonjeza kanthu sabata yoyamba. Si kuti akubisa ayi, thupi lenilenilo limakhala lisanayankhe.

Kuchipatala Joni anamumeta tsitsi, namuika zitsulo m'mutu zokoka khosi, namugoneka pa bedi lapadera limene amalitembenuza lonse: maola angapo akuyang'ana kudenga, maola angapo akuyang'ana pansi. Anaonda kwambiri. Anatuluka zilonda za pogona zimene zinafuna opaleshoni ndi kuchedwetsa mafizo. Tsiku lina anapempha mnzake kuti amupatse galasi, ndipo atadziona analira momvetsa chisoni. M'buku limene analemba pambuyo pake sanabise kuti anafika popempha mnzakeyo kuti amuthandize kudzipha, popeza iye yekha analibe manja oti n'kuchitira zimenezo. Mnzakeyo anakana, koma sanasiye kubwera. Onani amayi, ameneyu anali mwana wokulira m'banja lopemphera, wodziwa nyimbo za m'tchalitchi ndi mavesi. Kukulira mu mpingo sikunamutchinjirize ku mdima umenewo.

Anakhala m'zipatala pafupifupi zaka ziwiri. Zimene anapindula m'zaka zimenezo, wina akhoza kuziona ngati zazing'ono. Anaphunzira kukhala tsonga pa njinga ya olumala osachita chizungulire. Mphamvu pang'ono zinabwerera m'mapewa ndi m'mikono, koma osati m'zala. Ku chipatala cha Rancho Los Amigos ku California anaphunzira kudzidyetsa ndi supuni yomangirira ku mkono. Wophunzitsa odwala ntchito za manja atamuuza koyamba kuti alume cholembera n'kumalemba ndi pakamwa, Joni anakana, pakuti kwa iye kuvomera zimenezo kunali kuvomera kuti manja ake sadzagwiranso. Patapita nthawi analuma cholemberacho. Zilembo zoyamba zinali zokhotakhota ngati za mwana wa sitandade 1, koma mapeto ake anadzakhala katswiri wojambula zithunzi ndi pakamwa.

Atatuluka m'chipatala, azikulu ake anamusamala kunyumba. Mnyamata wina wamng'ono kwa iye, Steve Estes, ankabwera kudzawerenga naye Baibulo ndi kulimbana ndi mafunso ake ovuta, osawathawa. Buku la mbiri yake, lotchedwa Joni, linatuluka mu 1976. Mu 1979 anayambitsa bungwe la Joni and Friends lothandiza anthu aulumali, ndipo kuyambira 1994 bungweli linayamba kusonkhanitsa njinga zakale za olumala, kuzikonzetsa, ndi kuzigawa m'mayiko osauka. Anakwatiwa ndi Ken Tada mu 1982. Mu 2010 anamupeza ndi khansa ya m'mawere, nalandira chithandizo. Mu 2017 anakwanitsa zaka 50 ali pa njinga.

Tinene mosabisa: Joni sanayendenso. Anapita ku misonkhano ya machiritso, abusa ndi akulu a mpingo anamudzoza mafuta ndi kumupempherera, iye mwini anakhulupirira ndi mtima wonse mpaka kuuza anzake kuti adzamuona ataimirira. Anabwerako ali pa njinga yomweyo. Tasankha nkhani yake dala chifukwa cha zimenezi. Tikanasankha ya mwana amene anadzuka n'kuthamanga, ena mwa ife tikanabwerera kunyumba tili ndi funso lopweteka mumtima, lakuti nanga wanga uja analakwa chiyani.

Ntchito ya maola awiri aliwonse

Kale munthu wovulala msana sankakhalitsa. Sankafa ndi bala la msanalo, koma ndi zilonda za pogona ndi matenda a m'chikhodzodzo. Amene anasintha zinthu ndi Dr Ludwig Guttmann, dokotala wachiyuda amene anathawa ku Germany mu 1939. Mu 1944 anatsegula wodi ya ovulala msana pa chipatala cha Stoke Mandeville ku England, ndipo lamulo lake lalikulu linali losavuta kumva koma lolemetsa kulichita: wodwala aliyense atembenuzidwe maola awiri aliwonse, usana ndi usiku. Anaumirizanso odwala ake kuchita mafizo ndi masewera. Mpikisano wa mauta ndi mivi umene anakonzera odwala 16 mu 1948 ndiwo unakula mpaka kubala masewera a Paralympics, amene anachitika koyamba ku Rome mu 1960.

Joni ankamutembenuza ndi anamwino ndi bedi la makina. Kuno kwathu, kaya ndi ku Queen Elizabeth, ku Kamuzu Central, ku Zomba kapena ku Mzuzu, namwino mmodzi amayang'anira odwala ambiri, ndipo ntchito imeneyi imagwera gadiyani. Gadiyaniyo nthawi zambiri ndi mayi, ndiye kuti ndi mmodzi wa ife. Ana athu sadumphira kawirikawiri m'nyanja ngati Joni, ngakhale a ku Likoma ndi ku Nkhotakota zimawachitikira. Ambiri amagwa mu mtengo nthawi ya mango, ena amagundidwa pamsewu, ena amagwa pa kabaza kapena pa ngolo, ndipo ena miyendo imafooka pang'onopang'ono chifukwa cha TB ya msana, imene ili ndi mankhwala munthu akafulumira. Choncho zimene zikutsatirazi mayi aliyense azidziwe, ngakhale kunyumba kwake kulibe wodwala lero.

Mwana akagwa n'kumadandaula khosi kapena msana, kapena akunena kuti sakuimva miyendo, musamudzutse, musamukhazike tsonga, musamubereke. Kunyamula kolakwika kukhoza kumaliza mtsempha umene unangovulala pang'ono. Pezani chitseko kapena thabwa lalikulu. Munthu mmodzi agwire mutu kuti usagwedezeke, ena atatu agwire thupi, ndipo onse asunthe nthawi imodzi ngati akusuntha chipika. Ndi mmenenso amamutembenuzira pa bedi masabata oyambirira. Tikamawerenga za anthu anayi amene ananyamula wakufa ziwalo wa ku Kapernao, ife anamwino timangogwedeza mutu, chifukwa mpaka lero ntchitoyi imafuna anthu anayi.

Chilonda cha pogona chimatha kuyamba m'maola ochepa chabe, koma kuti chipole pamatenga miyezi. Chimayamba pamene fupa lili pafupi ndi khungu: kumunsi kwa msana, m'mbali mwa chiuno, pa zidendene, pa akakolo, pa zigongono ndi kunkhongo. Mabuku ambiri amati tiyang'ane pamene pafiira, koma pa khungu lathu lakuda kufiira sikuoneka bwino. Yang'anani malo amene ada kuposa pena, onyezimira, otentha kapena olimba mukawakhudza. Mukawapeza musawatikite, koma wodwala asagonerenso mbali imeneyo mpaka pataoneka bwino, ndipo auzeni anamwino tsiku lomwelo. Nsalu yogonera ikhale youma, yopanda makwinya, yopanda nyenyeswa za chakudya. Ikani pilo pakati pa mawondo, ndi ina pansi pa akatumba kuti zidendene zilendewere. Akayamba kukhala pa njinga, azinyamuka pang'ono kapena kupendekeka kumbali pa mphindi 15 mpaka 30 zilizonse. Ndipo m'nyengo yozizira musayandikize mbaula kapena botolo la madzi otentha ku miyendo yosamva, chifukwa amapsa osadziwa.

Pali chinthu china chimene magadiyani ambiri amachita ndi mtima wabwino koma chimavulaza, ndicho kumumana mwana madzi kuti asamanyowetse pogona. Mwana mwiniyo nayenso amakana kumwa chifukwa cha manyazi. Madzi akachepa mkodzo umada, kapaipi ka mkodzo kamatsekeka, ndipo matenda amakwera mpaka ku impso. Pokhapokha adokotala ataletsa, amwe madzi okwanira tsiku lonse. Thumba la mkodzo likhale pansi kuposa chikhodzodzo nthawi zonse. Kwa amene anavulala khosi kapena kumtunda kwa msana, pali chizindikiro choopsa choti tichidziwe: mutu kuwawa mwadzidzidzi ngati ukung'ambika, thukuta kumaso, mphuno kutsekeka. Kumeneko ndi kuthamanga kwa magazi kumene kwakwera mwadzidzidzi, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi kapaipi kopindika kapena kudzimbidwa. Mudzutseni mutu ukhale m'mwamba ngati adokotala analola kale kuti azikhala tsonga, masulani zovala zothina, onani kapaipi, ndipo itanani namwino msanga.

Za mafizo tingonena mwachidule. Mwendo wosayendetsedwa umauma m'mfundo n'kupindika, ndipo ukapindika mwana sangakhale bwino pa njinga, ngakhale mphamvu zitabwerera sangaime. A mafizo akabwera, gadiyani aime pafupi, aone, ayesere pamaso pawo, chifukwa masiku ena onse adzachita yekha. Chakudya nachonso ndi mankhwala. Thupi lomanga minofu ndi kupoletsa zilonda limafuna mazira, nyemba, usipa, nsinjiro, soya, mkaka, masamba ndi zipatso. Fanta ndi mabisiketi zimene timakonda kunyamula pokazonda odwala zimasangalatsa pakamwa pokha.

Mtima wa mwana wa zaka 16

Mwana wamng'ono akadwala amangofuna amayi ake. Munthu wamkulu amakhala ataonapo zambiri. Koma wachinyamata matenda amamupeza pa nthawi imene wangoyamba kudziimira payekha, kudzisamala maonekedwe, kutseka chitseko posamba. Lero akusambitsidwa ngati khanda, akuchotsedwa zoipa pakati pa wodi, anthu akudutsa. Manyazi amenewa amapweteka kuposa bala, ndipo ndiwo amabala ukali umene timauona: kukana kudya, kutembenukira kukhoma, kukalipira mayi amene sanagone usiku wonse chifukwa cha iye. Mayi asaganize kuti mwana wasanduka wamwano. Amakalipira amene akudziwa kuti sangamuthawe.

Chitenje chimodzi chotchinga pomusambitsa chimabweza ulemu wambiri. Mnyamata wa zaka 16 amavutika mumtima kusambitsidwa ndi mayi ake, ndipo pano tiyankhule ndi azibambo athu, amalume ndi achimwene: kudwazika si ntchito ya amayi okha. Bambo amene amangobwera Loweruka, kuima kumiyendo kwa bedi, kusiya ndalama n'kumapita, akumana mwana wake chinthu chimene ndalama singagule. Kwa mtsikana, kumwezi kumatha kuima miyezi ingapo atavulala kenaka n'kuyambiranso, ndipo amayi aakulu timuuze zimenezi asanadzidzimuke nazo. Timuuzenso, nthawi yake ikakwana, kuti amayi ambiri ovulala msana amakwatiwa ndi kubereka. Funso limeneli limakhala mumtima mwake ngakhale sangalitchule. Ndipo poti angathe kutenga pakati koma sangathe kuthawa, tisamusiye yekha ndi aliyense amene wangoti ndi wachifundo.

Tikafika pa bedi, tiyankhule ndi iye mwini. Zimachitika kawirikawiri kuti alendo amafunsa mayi kuti, kodi wagona bwanji, kodi akudya, mwana ali pomwepo maso ali gwa. Miyendo ndiyo yafa, makutu ndi nzeru zili bwinobwino. Timufunse chimene akufuna kuvala, mbali imene akufuna kuyamba kugonera, nyimbo imene tiimbe. Munthu amene walandidwa zambiri, tizisankho tating'ono timeneti timamukumbutsa kuti akadali munthu.

Achinyamata amachira ndi achinyamata anzawo. Joni anathandizidwa kwambiri ndi anzake a kusukulu amene ankabwera kudzacheza, kumuwerengera ndi kumuimbira. Ife amayi tikhoza kupemphera ndi kuphika, koma nkhani za mpira, za m'kalasi ndi za amene akufunsira uje sitingazithe. Tiwatume ana athu a kwaya ndi a Sande sukulu yaikulu, tiwapatse ya minibasi. Wina apite kwa aphunzitsi akatenge manotsi, makamaka ngati mwanayo amayembekezera mayeso a JCE kapena MSCE. Buku la sukulu pa bedi limamuuza mwana kuti anthu akumuyembekezera kunja. Akayamba kunena zofuna kufa, musamutseke pakamwa ndi vesi, ndipo musachite manyazi. Mverani, chotsani mankhwala ndi zakuthwa pafupi, ndipo auzeni anamwino kapena adokotala, chifukwa matenda a nkhawa nawonso ali ndi chithandizo.

Mawu amene timabwera nawo

Tsopano tibwerere ku Kapernao. Marko akutiuza kuti Yesu anaona chikhulupiriro cha anthu amene ananyamula wodwalayo. Za chikhulupiriro cha wodwala mwiniyo sitikuuzidwa kanthu, ndipo m'nkhani yonseyo sakuyankhula ngakhale liwu limodzi. Mwina anali atatopa, mwina anali atataya mtima. Anzake ndiwo anakwera padenga, nasasula, namutsitsa. Apa pali chitonthozo chachikulu kwa kholo limene mwana wake wasiya kupemphera. Pali nyengo imene munthu amanyamulidwa ndi chikhulupiriro cha ena, ndipo Ambuye amachilandira. Mwana akati sakufuna kumva za Mulungu lero, tisakangane naye. Tikapempherere panja, mawa tibwerenso.

Pali mawu ena amene amamveka achikhristu koma amalasa. Kuuza mwana kuti ukanakhala ndi chikhulupiriro ukanadzuka ndi kumusenzetsa katundu wachiwiri pamwamba pa woyamba. Kufunsa kuti kodi pabanja pano pali tchimo lanji ndi funso lomwe ophunzira anafunsa za munthu wobadwa wosaona pa Yohane 9, ndipo Yesu analikana. Kunong'oneza mayi kuti izi si zachabe, pali munthu, kumagawanitsa abale pa nthawi imene akufunana kwambiri, ndipo mapeto ake mwana amatulutsidwa m'chipatala usiku, mafizo osatha, n'kukatemedwa mphini pa khungu losamva limene silipola msanga. Masiku ano kwabweranso alaliki olamula odwala kutaya ndodo ndi kuimirira pa njinga pamaso pa gulu. Fupa limene adokotala anati lisasenze thupi miyezi itatu silisintha chifukwa cha kufuula. Mwana akagwa, mlaliki amapita kwina, wotsala ndi chilonda ndi mayi.

Sitikunena kuti tileke kupempherera machiritso, ayi. Yakobo 5 akutilangiza kuitana akulu a mpingo kuti apempherere wodwala ndi kumudzoza mafuta, ndipo mpingo wathu umachita zimenezi. Tiwadziwitse abambo ansembe kuti abwere ndi Ukaristia ku wodi, pakuti mwana amene analandira kale chilimbitso amamva kuti watayidwa akakhala miyezi osalandira. Tipemphe molimba mtima kuti ayende. Koma tipemphererenso zinthu za sabata ino: kuti chilonda chiume, kuti chala chigwedezeke, kuti agone tulo, kuti akhale tsonga mphindi khumi osakomoka. Zikachitika tiyamike mokweza, iye akumva. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'wodi ya mafupa mwambiwu umaoneka ndi maso. Ndi bwino gadiyani akhale ndi kope lolembamo tsiku limene chinthu chatsopano chachitika, chifukwa amene ali pafupi tsiku ndi tsiku saona kusintha, ndipo tsiku lokhumudwa kopelo limachitira umboni.

Abwenzi a Yobu anachita bwino masiku 7 oyamba, pamene anangokhala naye pansi osanena kanthu. Mavuto anayamba atatsegula pakamwa kuti afotokoze chifukwa chake Mulungu walola zimenezi. Joni mwini anadzafika pomvetsa kuvulala kwake mwa njira yake, mpaka kuyamika Mulungu chifukwa cha njinga yake, koma anafikapo yekha patapita zaka. Mawu amenewo ndi okoma akatuluka pakamwa pa wovulalayo. Akatuluka pakamwa pa ife oyenda ndi miyendo iwiri, sabata yachiwiri ya ngozi, ndi nkhanza.

Sabata yachitatu

Ngozi ikangochitika anthu amadzaza wodi mpaka alonda kuwabweza pakhomo. Sabata yachiwiri amachepa. Pofika yachitatu mayi amatsala yekha, ufa watha, sopo watha, ndalama imene anabwera nayo yatha, kumunda udzu wakula, ndipo ana ena kunyumba akuleredwa ndi mwana mnzawo. Usiku amagona pansi pa simenti pambali pa bedi, n'kumadzuka maola awiri aliwonse. Msana wake nawonso umayamba kuwawa. Sadandaula, chifukwa amaona ngati kudandaula n'kutopa ndi mwana wake. Cholinga chachisanu cha Mothers' Union, bungwe limene Mary Sumner anayambitsa mu 1876, ndi kuthandiza mabanja amene agwa m'mavuto. Banja ngati limeneli likusowa ife mwezi wachiwiri ndi wachinayi kuposa tsiku loyamba lija.

M'malo mopita tonse 20 tsiku limodzi titavala yunifolomu, n'kuimba, n'kusowa mwezi wathunthu, tigawane awiriawiri sabata iliyonse. Mmodzi akhale ndi mwana, mnzake atenge gadiyani akasambe, adye chakudya chotentha, agone ngakhale maola atatu. Amene ali ndi mphamvu agonereko usiku umodzi, ataphunzira katembenuzidwe kwa anamwino. Ngati mwana anamutumiza kutali, monga kuchoka ku St Luke's ku Malosa, ku St Martin's ku Malindi, ku St Anne's ku Nkhotakota kapena ku St Peter's ku Likoma kupita ku chipatala chachikulu, amayi a parishi yakwawo aimbire foni amayi a parishi ya mu mzindawo. Akumudzi asamale munda ndi ana otsala, a m'tauni asamale wodi. Ana otsalawo tisawaiwale, chifukwa nawonso ali ndi mantha, ndipo amene anali naye limodzi tsiku la ngozi amadziimba mlandu mwakachetechete.

Tithandizenso banja kufunsa mafunso oyenera asanatuluke. Ku Blantyre kuli Kachere Rehabilitation Centre pafupi ndi Queen Elizabeth, kumene odwala amagonera n'kumaphunzira kudzisamala. Kulinso chipatala cha Beit CURE, chimene chinatsegulidwa mu 2002 ndipo chimathandiza ana a mavuto a mafupa. Ku Lilongwe chipatala cha mafupa ndi mitsempha cha LION chinatsegulidwa mu 2023 pa Kamuzu Central. Amene amatumiza wodwala kumalo amenewa ndi adokotala, koma mayi wakumudzi amaopa kufunsa, ndiye mmodzi wa ife amuperekeze. Afunse za njinga yoyenera msinkhu wa mwanayo pamodzi ndi khushoni yake, pakuti njinga yaikulu kapena yopanda khushoni imabala zilonda. Afunse tsiku lobwerera ku kiliniki, ndi kumene angakapeze mapaipi a mkodzo kufupi ndi kwawo.

Tsiku lotuluka m'chipatala anthu amasangalala ngati nkhani yatha, koma kwa mwanayo ndi tsiku loopsa. Kuchipatala onse anali odwala, kumudzi ndi iye yekha. Khomo la nyumba ndi lopapatiza, chimbudzi chili kuseri kwa mtunda ndipo n'chonjuta, njira ya kusukulu ndi mchenga. Zambiri mwa izi azibambo a mu mpingo angazikonze Loweruka limodzi: kukuza khomo, kusalaza njira, kukhoma mpando wobowola pakati ndi chogwirira m'chimbudzi. Pomwepo tiyang'anenso tchalitchi chathu. Ngati pakhomo pali masitepe atatu, mwana amene tinamupempherera miyezi isanu adzafika Lamulungu n'kunyamulidwa ngati thumba la chimanga anthu akuyang'ana, ndipo sabata yotsatira adzati mutu ukumupweteka. Ngati ankaimba kwaya, malo ake akhalepo, ndipo kwayayo iime pamene njinga ingafike. Ngati ankawerenga mawu, aikidwenso pa ndandanda.

Pokambirana m'magulu, tiyambe ndi funso ili: m'parishi mwathu, kapena m'mudzi mwathu ngakhale si wa mpingo wathu, ndi mwana uti amene ali m'chipatala kapena wagona m'nyumba kupitirira mwezi, ndipo anapitako komaliza ndani? Kenaka amayi amene anakhalapo magadiyani atiuze okha mawu amene anawalimbikitsa ndi amene anawapweteka, ife ena timvetsere osawadula. Ngati pagulu pali namwino kapena wazaumoyo, ayale mphasa, mmodzi agone, anayi ayesere kutembenuza mpaka aliyense atagwirako. Alembi alembe mayina a awiriawiri ndi masabata awo tisanatseke ndi pemphero, ndipo amayi awiri akaone masitepe a tchalitchi ndi khomo la chimbudzi, adzatiuze pa msonkhano wotsatira kuti pakufunika matumba angati a simenti.